Dothi la M'galasi la Laston

Mlongo wanga Laston ndi munthu yekhayo amene ndikumudziwa woweta nsomba zoti sadzadya. Anzake amaweta nkhuku ndi nkhunda, koma iye anapita mu Lilongwe kukagula magalasi, namata ndi guluu, napanga bokosi lalitali ngati mkono wotambasula, naliika pabalaza pamalo pamene anthu anzeru amaika TV. Ine ndine Elube, mlongo wake wamkulu. Ndinamubereka kumsana ali khanda, choncho ndili ndi ufulu womunena.

Laston anali mphunzitsi wa zaulimi pasekondale ina kufupi ndi Nathenje. Nyumba yake inali yomalizira kumunsi, ndipo kuseri kwake kunali dambo lalikulu la bango ndi mlulu. Tsiku loyamba kuliona galasilo ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achemwali, bwerani muone," anatero akumwetulira ngati wagula galimoto. "Ili silifuna pampu, silifuna magetsi. Pansi ndaika dothi lakuda, pamwamba mchenga, ndiye ndadzala zomera. Nsomba zikachita chimbudzi, zomera zimadya. Zomera zimapatsa nsomba mpweya. Awa ndi mashirimpi, ntchito yawo ndi kusesa. Ndi dziko lodzisamala lokha."

"Nanga ndiwo zake zipsa liti?"

"Inu mumangoganiza za m'poto."

Kunena zoona munali mokongola. Munali tinsomba tamichira yamawangamawanga tosaposa chala, ndi mashirimpi akewo, tizilombo tandevu zazitali tooneka mbee, timene anatiwola ndi sefa kumtsinje. Tsiku lonse tinkangotolatola pamasamba ndi timanja tawo, osapuma, ngati amayi osankha nyemba. Ndinkamuseka Laston, koma akachoka nanenso ndinkasuzumira.

Chimene chinandibweretsa panyumbapo si nsomba ayi. Mlamu wanga Feliya anali woyembekezera. Kwawo ndi ku Kasungu, kutali, ndipo mimba yake yoyamba, chaka chapitacho, inatha ndi misozi: mwana anabadwa atafa kale. Ndiye miyezi itayamba kuthaitha ndinanyamula makina anga osokera nkudzakhala nawo. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi, ndipo palibe amene ankachitchula. Feliya akati, "Alamu, gwirani apa, akumenya," ine ndinkasiya chilichonse, ngakhale mafuta ali pamoto, nkuthamanga kukagwira.

Choyamba kudabwitsa anali madzi. Laston ankadzaza galasilo mpaka pamzere umene analemba, koma kukamacha madzi ankakhala atatsika ndi zala ziwiri. Anayang'ana m'makona monse, anayala nyuzipepala pansi kuti aone ngati likudontha, koma nyuzipepala inali gwa, youma.

"Ndi kutentha," anatero. "Madzi amauluka."

"Mwezi wa June uno? Tikugona ndi mabulangete awiri?"

Anangotenga ndowa nkukatunga ena.

Kenako ndinaona za pakona. Kona yakumanzere, yakukhoma, zomera zinkakula modabwitsa, masamba akuda bii chifukwa cha kubiriwira, pamene kwina zinkangokula mwaulesi. Pamenepo pankatuluka timathovu kuchokera pansi pa mchenga, kamodzi, kenako kena, kenako kena, mosadukiza ndiponso mosafulumira. Nsomba sizinkafikapo. Zinkasambira bwinobwino, zikayandikira zinkatembenuka zonse pamodzi ngati zagunda khoma. Mashirimpi okha ndi amene ankapitapo, koma akafika ankasiya kutolatola kwawo kuja. Ankazungulira malowo nkungokhala duu, mitu italoza pakati, ndevu zili chilili. Ine ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikudziwa mmene anthu amakhalira pasiwa.

"Laston, tizilombo takoti tikudikira chiyani?"

"Pali ndere pamenepo, akudya."

"Akudya osagwedeza pakamwa?"

"Achemwali, dothi likamawola limatulutsa mpweya. Zili m'mabuku."

Mlongo wanga ali ndi buku la chilichonse. Mukamuuza kuti nyumba ikupsa, ayamba wakufotokozerani mtundu wa utsi.

Tsiku lina madzulo magetsi anazima tili pakati pa kudya. Laston anatuluka kukabwereka machesi kwa aneba, ine ndi Feliya tinatsala mumdima. Kunja kunali zii, ngakhale achule akudambo anali chete. Ndiye ndinamva kaphokoso kuchokera kugalasi. Sikanali kuthovoka kwa madzi. Kanali konyowa, kobwerezabwereza, kopumira pakati: mtswa, mtswa, mtswa, nkuima, nkuyambanso. Ndalera ana anayi ine. Phokoso limenelo ndingalizindikire ngakhale ndili m'tulo.

Ndinamva mpando wa Feliya ukukhwekhwereza pang'onopang'ono kulowera komweko.

"Mlamu, khala pansi," ndinatero.

"Mwamva nanunso?" anafunsa monong'ona. Mawu ake sanali a munthu wamantha, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri.

Laston atalowa ndi kandulo phokoso linatha. Madzi anali phee, tinsomba titaunjikana kukona inayo. Kutsogolo kwa bulauzi ya Feliya kunali madontho awiri onyowa. Anaphimba msanga ndi chitenje.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndikati ndisoke, ulusi unkangoduka. Ndinkatuluka panja, nkulowanso, nkutulukanso, osadziwa chimene ndikufuna. Ndinali nditaluka kachipewa koyera ka mwana wobwerayo nkukabisa pansi pa sutikesi yanga, poti zinthu za mwana sitionetsa asanabadwe. Tsiku lina ndinakafuna kuti ndimalize m'mphepete, osakapeza. Ndinakhuthula sutikesi, ndinakutumula mabulangete. Ndinadzakapeza masana ndikusesa, kuseri kwa galasi, pakati pa galasilo ndi khoma, pamalo poti dzanja la munthu wamkulu limalowa movutikira. Kanali konyowa, ndipo kankanunkha matope akudambo.

Ndinamufunsa Feliya. Anandiyang'ana nkuti, "Mwina amamva kuzizira."

"Ndani?"

Anangotembenuka nkubwerera pampando wake.

Pamenepo nkuti atasamutsira mpando pafupi ndi galasi. Ankakhala pomwepo kuyambira m'mawa, chipumi atachigunditsa pagalasi pakona ija, akung'ung'udza kanyimbo kosamveka mawu. Phala linkazizira m'mbale. Laston, mwamuna wosaona, ankakondwa. "Mwaona, achemwali? Ngakhale madokotala amanena kuti kuyang'ana nsomba kumatsitsa BP." Koma ine ndinali nditazindikira chinthu china: masiku anali atapita Feliya osandiitana kuti ndidzagwire pamimba.

"Mlamu, mwana akusewera?"

"Pang'ono."

"Lero wamenya?"

"Akugona. Akupatsa mpata mnzake."

Ndinatuluka osavala nsapato nkukamudikira Laston panjira yochokera kusukulu, chifukwa zimene ndinkafuna kufunsa sizinali zofunsira m'nyumba. Atatulukira ndi mabuku ake kukhwapa ndinamugwira mkono.

"Iwe, dothi lili m'galasi lija unalitenga kuti?"

"Kudambo. Bwanji?"

"Dambo ndi lalikulu. Pati?"

Anayamba kufotokoza mokondwa, poti ankayesa kuti tsopano ndayamba kukonda ntchito yake. Anati anayendayenda kufuna dothi losathiridwa feteleza, poti feteleza amapha mashirimpi. Madimba onse anali othiridwa. Ndiye anatsika kumunsi, kupitirira pamene amathera madimba, mpaka pamtengo wa katope umene unaweramira m'bango. Pamenepo anapeza malo oti palibe amene analimapo, dothi lofewa, lakuda, lokhala timilumilu ngati munthu anachita kumukonzera.

"Silinavute nkukumba komwe," anatero. "Ndinangopala pamwamba pa kamulu kamodzi, ndowa nkudzaza."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, ana asukulu akudutsa.

"Sunakumane ndi munthu?"

Anaganiza pang'ono. "Pobwerera ndinakumana ndi mayi wina ataima m'maudzu, atafunda chitenje kumutu. Ndinamulonjera, sanayankhe. Anangoyang'ana ndowa nkuti, 'Bambo, mwapempha?' Ine ndinaseka, ndinati dothi lakudambo lilibe mwini. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, koma udzu ndi wautali kumene kuja."

"Nkhope yake unaiona?"

"Ayi. Achemwali, mukufunsa chifukwa chiyani?"

Safunsa anadya phula. Koma kunena zoona, akanafunsa ndani? Kwathu kuno mwana wobadwa wakufa, amene timati nthayo, salowa kumanda a anthu onse. Amakamuika amayi okhaokha, m'mphepete mwa dambo, ponyowa, m'kadzenje kosazama, poti amati mukazamitsa mwakwirira ndi mimba ya mayi wake yomwe. Sipakhala bokosi, nyimbo kapena kulira. Mayi wake sapita, ndipo amuna sauzidwa malo. Mwamuna akhoza kukalamba m'mudzi osadziwa kuti pansi pa katope pagona ndani. Ine ndinkadziwa, chifukwa chaka chapitacho ndine amene ndinanyamula kamtolo kaja m'manja mwanga, ndipo kamulu katsopano kuposa tonse kanali kathu.

Ndinamuuza. Sindinazungulire.

Mabuku anagwa. Laston anayang'ana manja ake, kuseri ndi kutsogolo, ngati si ake. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analibe chofotokoza.

"Mwana wanga?" anatero. "Ndinamupala ndi khasu?"

"Sunafike pa iye. Koma watenga chofunda chake, ndipo wakutsatira."

Ndinatumiza uthenga kwa azakhali athu a Nangondo, amene anatsogolera amayi tsiku lija. Ndi mayi aukali, ogulitsa fodya wamphuno pamsika, ndipo anafika akutukwana kuyambira kumsewu. Koma atalowa pabalaza nkuona galasi, anasiya kutukwana. Anayang'ana zomera zakuda zija, timathovu tikukwera, mashirimpi ali bwalo lawo. Anavula nsapato.

"Dothi libwerere lero lomwe, dzuwa lisanalowe," anatero motsitsa mawu. "Lonse. Ngakhale kambewu kamodzi kasatsale."

"Ayi."

Anali Feliya. Anaimirira kutsogolo kwa galasi atatambasula manja, mimba ili patsogolo. Mkazi amene chikwatiwire sanakwezepo mawu pamaso pa azakhali.

"Munandilanda ndili chikomokere," anatero. "Ndinadzuka manja ali opanda kanthu. Ndinafunsa kuti anali wotani, munati usafunse. Ndinafuna kulira, munati usalire, utseka mimba. Ndinakhala chete chaka chathunthu ngati ndinangotaya nsalu. Lero wabwera yekha kwa mayi wake, ndiye mukufuna mukamutayenso?"

Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo zinandipweteka.

"Mwana wanga," anatero azakhali, "amene ali m'mimbayo wamenya liti komaliza?"

Dzanja la Feliya linatsikira pamimba, linafufuza mbali iyi, linafufuza mbali inayo.

"Dzulo m'mawa," ananong'ona.

"Bere ndi limodzi, ana awiri sangalimbirane. Wina aluza, ndipo aluze ndi wam'mimbayu, amene sanaone dzuwa."

Feliya anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanavomere, koma anachoka kutsogolo kwa galasi.

Laston ndiye anagwira ntchito imeneyo. Anawola tinsomba ndi sefa nkutiika m'beseni. Mashirimpi, amene masiku onse ankathawa ngati mphezi, tsiku limenelo sanathawe. Ankangowatola ngati mtedza. Anazula zomera, ndipo za pakona zija zinatuluka ndi mizu yaitali yoyera yopotanapotana, imene azakhali anamulanda msanga nkuiponya m'ndowa asanaiyang'anitsitse. Anakapa madzi ndi kapu mpaka kutsala matope. Atafuna kulowetsa dzanja, azakhali anamumenya pamkono.

"Wagwira kokwana. Apa mpathu. Iwe thamanga ukapeze galimoto, mkazi wako apite kuchipatala tikangobwerako."

Anatuluka akuthamanga, mphunzitsi wathunthu, tayi ikuuluka. Ine ndi azakhali tinakokolola dothi ndi manja, nkupukuta galasi ndi kansalu, kansalu komweko nkuponya m'ndowa. Dothilo linali lofunda. Madzi anali ozizira ngati a mumtsuko, koma dothi linali lofunda, ndipo sindinafune kuganiza chifukwa chake.

Ndinasenza ndowa. Tinamuuza Feliya kuti adikire pakhonde.

Njira yakudambo ndimaidziwa, koma tsiku limenelo inatalika. Dzuwa linali litapendeka, mphepo ya chisanu ikuwomba m'bango. Ndowa inkalemera pang'onopang'ono, ndipo kulemera kwake sikunali pamalo amodzi: kunkasunthira kutsogolo, kenako kumbuyo, ngati mmene amachitira mwana akamafuna pogona bwino. Khosi linkandiwawa. Titadutsa madimba omaliza ndinamva mapazi kumbuyo kwathu, ofewa, osafulumira. Tikaima, nawonso ankaima.

"Azakhali, kukubwera munthu."

"Yenda."

Pa katope panali zii. Kamulu kathu kanali ndi bala pamwamba, pamene khasu linadutsa, ndipo m'balamo munali mutadikha timadzi. Tinagwada. Azakhali anayamba kubwezera dothi ndi manja, pang'onopang'ono, akusalaza ngati akufunditsa mwana bulangete. Bango linagwedezeka kumbuyo kwathu, ndipo nditatembenuka ndinaona Feliya, wopanda nsapato, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo.

"Bwerera!" anakalipa azakhali monong'ona. "Mayi safika kuno!"

"Ndafika kale."

Anadutsa pakati pathu nkugwada movutikira pambali pa kamuluko. Anaika chikhatho padothi nkukhala choncho kanthawi. Kenako anamasula mabatani a bulauzi, nafinyira mkaka padothi lakudalo. Unatsika madontho oyera, ndipo dothi linkamwa nthawi yomweyo, osasiya chizindikiro. Azakhali anatsegula pakamwa kuti aletse, koma anangotembenuzira nkhope kumbali.

"Ndine mayi ako," anatero Feliya. "Sindinakutaye, sindinkadziwa kumene uli. Tsopano ndadziwa. Yamwa ukhute, ugone. Koma mng'ono wakoyu umusiye abwere, ndakupempha."

Ndiye analira. Analira mokweza, kulira kwa chaka chathunthu, mpaka mbalame zinabalalika m'bango. Mwambo umati pamalo pamenepo salira, koma azakhali a Nangondo, amene amakalipira ngakhale abusa, sanamuletse. Nawonso misozi inali ikutsika m'makwinya. Ine ndinalira ngati mwana.

Atatopa tinamudzutsa, wina mbali iyi wina mbali inayo. Ndowa tinaisiya pomwepo chovundikira.

"Tiyeni," anatero azakhali. "Ndipo wina asacheuke, ngakhale mumve chiyani."

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha Feliya. Dzuwa linali likulowa, mithunzi yathu itatalika kutsogolo. Kumtunda, cha kusukulu, tinamva hutala ya galimoto ikulira mobwerezabwereza. Laston anali atapeza thandizo. Feliya ankayenda dzanja lili pamimba, ndipo ine ndinkayang'ana dzanja limenelo, osati njira. Ndinkapemphera mapemphero osalongosoka, ndikulonjeza Mulungu zinthu zoti sindingakwanitse.

Titatsala pang'ono kufika pamadimba, Feliya anaima mwadzidzidzi. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, nkulikokera pamimba pake.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako chinandigunda m'chikhatho, kamodzi, mwamphamvu, ngati kachidendene ka munthu wokwiya kuti amudzutsa. Chinagundanso. Mtsikana ameneyo lero ali ku pulayimale, ndipo ukali wake ndi womwewo.

Tili chiimire choncho, tikuseka ndi misozi, kumbuyo kwathu kumunsi kwa dambo kunamveka mawu. Anali aang'ono, akuthwa, onjenjemera kumapeto. Anamveka kamodzi kokha, bango nkukhalanso chete.

"Musacheuke," anatero azakhali.

Sitinacheuke. Anthu amene ndawauza nkhaniyi amati inali mbalame, ndipo sinditsutsana nawo. Koma ine ndinali m'chipinda tsiku limene mwana woyamba uja anabadwa. Tinamutembenuza, tinamusisita, tinamumenya kumapazi, tikudikira kuti alire, ndipo sanalire. Anadzalira tsiku limenelo kudambo, mayi wake atamuyamwitsa.